Garaja ya pansi pa mango ku Biwi, ndi katoni imene inandipulumutsira giyabokosi

Alandilodi ndi amene anayamba kuona, osati ine. M'mawa wina nditatulutsa galimoto kunja kwa geti, ndinabwerera kukatenga makope a Fomu 3, ndipo ndinawapeza ataima pamene ndimaimika, manja kumbuyo, maso pansi ngati munthu amene wagwetsa kandalama. "Aphunzitsi," anatero, "simenti iyi ndinaikitsa chaka chathachi." Sanapitirize, ndipo sipanafunikenso kupitiriza. Pasimentipo panali banga lakuda la oyilo, lalikulu ngati mbale ya ndiwo, litazunguliridwa ndi timadontho tina.

Galimotoyo ndi Toyota Corolla ya 1997, ija amati AE110, ya otomatiki, injini yake 5A-FE. Malemu bambo anga anaiitanitsa ku Japan itagwirako kale ntchito, inatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo iwo atatisiya inagwera ine chifukwa pakhomo ndine ndekha ndinali ndi laisensi. Yadutsa makilomita 280,000. Sindichita nayo manyazi. Koma ndivomere kuti nkhani ya oyiloyi ndinkaidziwa, ndinkangoipewa. Masabata atatu alionse ndinkagula lita imodzi n'kuthira, ndikudzitonthoza kuti galimoto ikakalamba imamwa oyilo monga agogo amwera tiyi. Injini imeneyi imalowa malita atatu ndi pang'ono chabe, ndiye lita imodzi ikasowa si nkhani yosekera.

Ndinayambira pa garaja ina yooneka bwino: mpanda wopaka penti, anyamata ovala maovololo ofanana, mpando wofewa wa makasitomala. Dzina ndilisunga. Mnyamata wina anagwada, anasuzumira pansi ndi tochi ya foni, mphindi ziwiri zisanathe anadzuka akusansa fumbi m'mawondo. "Madam, silu ya kumbuyo kwa crankshaft yapita. Pafunika kutsitsa giyabokosi." Silu ndi mphira wotseka kuti oyilo asatuluke. Anandilembera K380,000 papepala la chidindo, galimoto kugona komweko masiku atatu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya sindidabwa nayonso, komabe ndalama yotere kwa mphunzitsi ndiye kuti ukagwade ku banki m'khonde. Ndinapinda pepalalo n'kunena kuti ndibweranso, mawu amene tonse timadziwa tanthauzo lake.

Mnzanga wina wa kusukulu, amene amayendera Carina yokalamba kuposa yanga, ndiye anandiuza za mkulu wina ku Biwi amene aliyense amangomutchula kuti Madala. Anawonjezera chenjezo limodzi: "Koma musapiteko muli pachangu."

Amene mumadziwa ku Biwi mukudziwa momwe kulili. Mukawoloka mlatho wa Lilongwe n'kutsata M1 ngati mukupita ku Dedza, mumafika pamene mashopu a masipeya andandana, magiyabokosi ndi ma injini atawunjikidwa pakhonde ngati maungu, anyamata akuthamangira galimoto iliyonse imene yachepetsa liwiro. Garaja ya Madala ili kuseri kwa zonsezo, mumakhotera kanjira ka fumbi. Chikwangwani palibe. Pali mtengo wa mango, dzenje limodzi lolowera pansi pa galimoto, kontena yosungira zitsulo, ndi mpando wochotsedwa mu minibasi umene ndiwo malo olandirira alendo.

Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kukwiya. Ndinafika Lachisanu nditaweruka, nditawotcha petulo kuchokera ku Area 25, ndipo Madala sanagwire sipanala ngakhale imodzi. Anangondifunsa mafunso ngati kuchipatala. Oyilo mumathira kangati? Utsi kumbuyo umatuluka wabuluu? Muvi wa kutentha unakwerapo? Chiwongolero chimalira mukakhota mpaka kumapeto? Buleki mukaponda imatsika yokha pang'onopang'ono? Kenako anatsegula boneti, anayang'ana kabotolo ka brake fluid, anazungulira galimoto akuunika kuseri kwa tayala lililonse, ananunkhiza cha kuthanki, n'kutuma mnyamata wawo kuti akapemphe katoni yaikulu kugolosale.

"Mayi, lero sindigwira kanthu," anatero. "Mabuleki ndi ouma, petulo sakutayika. Zikanakhala ziwiri zimenezo simukanachoka pano mukuyendetsa. Zinazo zikhoza kugona." Anaing'amba katoniyo n'kuitambasula, anandiuza kuti ndikafika kunyumba ndikaimike pamalo osapendekeka, ndikailowetse pansi kuyambira kubampala mpaka kunsi kwa mipando yakutsogolo, ndilembe ndi cholembera mbali yakutsogolo ndi pamene pali matayala, ndiike miyala m'makona, mawa ndibwere nayo. Ndinafunsa ngati kuyang'ana pansi pompano sikokwanira, poti anzawo aja anayang'ana n'kupeza. Anaseka pang'ono. "Pansi apa pali matope a zaka zambiri osakanikirana ndi oyilo. Ndikayang'ana ndiona zakuda zokhazokha, ndiye ndikuuzani bodza ndi mtima wabwino."

Ndinabwerera ndikung'ung'udza njira yonse. Munthu wamkulu, mphunzitsi wa sekondale, kuchoka ku Biwi ndi katoni ya sopo ngati ndiwo mankhwala. Ana a pampanda anandizungulira ndikugwada pasimenti ndi maka pen.

Loweruka m'mawa ndiye ndinaona ntchito. Madala anayala katoniyo pansi kutsogolo kwa galimoto, moyang'anizana ndi momwe inagonera usiku, anakhala chonjuta n'kuyamba kuiwerenga. Ine ndinkaona banga limodzi. Iwo anaona atatu.

Loyamba linali cha kumanzere, kumbuyo pang'ono, pamene katoni inafufuma n'kuumanso, osasiya mtundu uliwonse. Anapakapo chala n'kundionetsa kuti n'chouma. "Munayatsa eyakoni dzulo?" Ndinayatsa, kunali dzuwa la Okutobala lija loti ngakhale abuluzi amabisala. Amenewo, anati, ndi madzi wamba. Eyakoni imakama chinyezi mumpweya, madziwo amatulukira pa kapaipi kunsi kwa mbali ya wokwera, ndipo anthu ambiri amathamangira kugaraja chifukwa cha madzi amenewa, ena mpaka kulipira. Madzi a rediyeta ndi ena: amakhala obiriwira kapena ofiirira malinga ndi coolant amene munathira, amaterera pang'ono pachala, amanunkhira motsekemera, ndipo akauma amasiya zoyera ngati mchere pamene akutulukira. Apa anandiyang'ana n'kufunsa ngati pakhomo pali galu kapena ana aang'ono, chifukwa kutsekemera kumeneko n'kumene kumanyenga, pomwe ndi poizoni wopha. Anandiuzanso, ngakhale sindinafunse, kuti chivundikiro cha rediyeta ndisadzayerekeze kutsegula injini ili yotentha. Anatambasula mkono kundionetsa chipsera chakale, ndipo phunzirolo linalowa msanga kuposa ena amene ndimaphunzitsa ine.

Lachiwiri linali laling'ono ngati K10 yachitsulo, lofiirira, cha kumanja. Apa m'pamene ndinaona kusiyana kwa munthu wodziwa ndi wongolota. Mafuta ofiira pa galimoto ya otomatiki aliyense amathamangira kunena kuti ndi giyabokosi. Koma pa ma Toyota a zaka zimenezo, power steering imagwiritsanso ntchito ATF yemweyo, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, mtundu umodzi, fungo limodzi. Chosiyanitsa ndi malo. Injini ya Corolla imeneyi inagona chopingasa: malamba ndi pampu ya power steering zili kumanja, mbali ya dalaivala, giyabokosi ili kumanzere. Dontho lofiira linagwera kumanja, ndiye giyabokosi ilibe mlandu. Anaunika paipi yobwerera ku kabotolo ka power steering n'kundionetsa pamene ikuchita thukuta pa kilampu. "Iyi si ya lero. Tiilemba."

Lachitatu ndiye mwini nkhani: lakuda, lalikulu, pakati koma chopendekera kumanzere, ndendende pansi pa pamene injini imalumikizana ndi giyabokosi. Analipaka pakati pa zala ziwiri, ananunkhiza, anandipatsa kuti nanenso ndinunkhize. Oyilo wa injini, fungo lopsa pang'ono. Akanakhala oyilo wa giyabokosi ya manyuwo, anati, bwenzi ndikukwinya mphuno, chifukwa ameneyo ndi wolimba ndipo amanunkha ngati dzira lovunda. Akanakhala girizi wa CV joint, polumikizira pa shafti yozunguza tayala, sakanadontha n'komwe, bwenzi atamwazikira mkati mwa tayala. Brake fluid ndi woyera mopita kuchikasu, akakalamba amada, amaterera kwambiri ndipo amadya penti. Petulo sasiya banga lonyowa, amauluka, chimatsala ndi fungo.

Mtima unagwa nditaona malo a banga lakudalo. Ndinati ndiye kuti anyamata aja ananena zoona. Madala anapukusa mutu. "Anaona pamene dontho limagwera. Ine ndikufuna pamene limachokera. Madzi saiwala khwawa, mayi, oyilonso chimodzimodzi. Amatsata njira yake kuchokera kumwamba mpaka apeze potsika kwambiri, ndipo mukamayenda mphepo imamukankhiranso kumbuyo. Pamalo amenewa m'pamene misonkhano yonse imathera."

Ndiye anayamba kutsuka. Mnyamata wawo anaveka majumbo pa alternator ndi pa distribyuta, kachipangizo kogawa moto ku mapulagi, n'kumanga ndi mphira, anapaka palafini ndi bulashi injini yonse, mbali zonse mpaka kunsi, kenako sopo wa ufa ndi madzi a m'chigubu. Ntchito imeneyi inatenga ola lathunthu ndi theka. Matope amene anagwa pansi pa galimoto ija mukanadzalamo chimanga. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti giyabokosi yanga ndi yotuwa ngati sefuliya, ine ndinkayesa inabadwa yakuda. Anaisiya iume padzuwa, ife tikudya chimanga chowotcha pampando wa minibasi uja.

Itauma, Madala anatulutsa m'kontena botolo la pawudala wa ana. Ndinaseka mokweza, mnyamata uja nayenso anaseka, koma iwo anangopitiriza kuwaza: m'mphepete mwa chivundikiro cha pamwamba pa injini chimene amati tapeti kava, kuzungulira distribyuta, pa switch ya oyilo, pa fyuluta, m'mphepete mwa sampu imene imasunga oyilo kunsi kwa injini, pa bawuti yokhuthulira oyilo, pamwamba pa giyabokosi. Injini inayera ngati mwana wopita kusikelo. Anati m'magaraja akuluakulu amathira utoto wina mu oyilo n'kuunika ndi tochi yapadera, ndipo njirayo ndi yabwino, koma pawudala amanena zoona zomwezo pamtengo wa kugolosale.

Tinakwera tonse, iwo pambali, ine ndikuyendetsa, mpaka pa roundabout ya Bunda n'kubwerera. Ankafuna kuti injini itenthe bwino, oyilo apepuke, azithamanga monga amachitira masiku onse. Njira yonse sanalankhule, kupatula kundiuza kuti shock yakumbuyo kumanzere yatopa.

Titabwerako anatsegula boneti n'kundiitana. "Bwerani muone nokha, musadzati ndinakuuzani ine." Pa ufa woyera uja panali kamzere kamodzi kakuda, kopyapyala ngati ulusi, konyezimira. Kanayambira kunsi kwa distribyuta, pamene imalowa m'mutu wa injini, kanatsika pakhoma la injini, kanakwera pamsana pa giyabokosi, kanazungulira n'kukathera pansi penipeni, pa malumikiziro aja, pamene dontho linali litayamba kale kulendewera. Anagwiritsa ntchito kachidutswa ka galasi loyang'anira kumbuyo kuti ndione kunsi kwa distribyutako. Kwina konse kunali mbee. Tapeti kava youma, sampu youma, fyuluta youma.

Sanakhutire ndi zimenezo. Analowa m'dzenje, anamasula kachitsulo kotchinga kunsi, pakati pa injini ndi giyabokosi, n'kundiuza kuti nditsike ndi tochi. Ndinatsika, ndi diresi yanga yomweyo. Mkatimo muli chimbale chachitsulo cha mano chimene sitata imaluma polizitsa injini. Chinali chouma, cha fumbi. "Silu imene anakuuzani ija ili kuseri kwa chimbale ichi. Ikanakhala ikutaya, chimbalechi pozungulira bwenzi chitamwaza oyilo m'nyumba monsemu." Ndinaima m'dzenjemo kanthawi ndikuganiza za K380,000 ija. Akanatsitsa giyabokosi, akanasintha silu yabwinobwino, akanatsuka pansi, ine n'kupita kunyumba ndikuthokoza, ndipo pakatha sabata banga likanabwerera pasimenti ya alandilodi. Sindikunena kuti mnyamata wa garaja yoyamba uja ankafuna kundibera. Ndikuganiza kuti ankakhulupirira zimene ananena, ndipo zimenezo zimandiopsa kwambiri kuposa akanakhala wakuba.

Wolakwa anali kamphira kozungulira kamene amati O-ring, kakang'ono ngati chibangili cha khanda, kamene kamatseka pakhosi pa distribyuta. Pa injini za mtundu uwu distribyuta ili kumapeto kwa mutu wa injini, mbali ya giyabokosi, ndipo imazunguzidwa ndi camshaft, ndiye kuseri kwa kamphirako kuli oyilo wotentha nthawi zonse. Zaka zikachuluka kamauma. Madala asanamasule anakanda chizindikiro ndi sikuludiraiva pa distribyuta ndi pamutu wa injini, chifukwa mukaibwezera itapotoka pang'ono, timing, nthawi imene moto umathetheka m'injini, yasokonekera, galimoto iyamba kufooka kapena kumwa petulo. Anatsegulanso chipewa cha distribyuta kuyang'ana mkati. Anati mukapezamo oyilo ndiye kuti silu ya mkati nayonso yapita, imeneyo ndi nkhani ina. Mwanga munali mouma. Atasolola distribyuta, kamphira kakale kanali kataphwathalala, kolimba ngati pulasitiki, ndipo atakatokosa kanathyoka pawiri ngati bisiketi. Ndinakasunga m'chikwama, sindikudziwa chifukwa chake.

Kukagula katsopano ananditumiza ndi mnyamata wawo, atatigwiritsa zidutswa zija. Izi ndinazikonda: sagula okha masipeya n'kukuuza mtengo wa m'mutu mwawo, umapita wekha ukaone. Shopu yoyamba anatitulutsira bokosi la timphira tosiyanasiyana n'kusankhamo kofanana kukula, K1,500. Mnyamata anakabweza. Anati Madala akaona kameneko atithamangitsa tonse, chifukwa mphira wina ndi wa mipopi ya madzi, ukakumana ndi oyilo wotentha umafufuma n'kuphwanyika. Shopu yachitatu tinapeza ka m'kapepala kake, kolembedwa nambala, K6,000. Ngati n'kenikeni ka ku Japan kapena kongofanizira, ine sindingalumbire, masiku ano mapepala amasindikiza aliyense. Madala anakapinda, anakakoka, anati kali bwino.

Pomanga anangokapaka oyilo pang'ono n'kulowetsa. Ndinafunsa ngati sapakapo silikoni kuti pagwire bwino, poti ndimaona ena akupaka paliponse mpaka injini kuoneka ngati keke. Apa ndiye anayankhula nthawi yaitali kuposa tsiku lonse. Silikoni wochuluka, anati, amafinyikira mkati, amaduka tizidutswa, tizidutswato timakatseka sefa imene pampu imakokera oyilo m'sampu, ndipo injini imafa ndi ludzu oyilo ali wodzaza. Anadandaulanso za mankhwala a m'botolo amene amati ukathira mu oyilo kudontha kumasiya. Amafewetsa mphira kwa kanthawi, koma mphira woti wathyoka kale sangalumikizike ndi mankhwala.

Chinthu china chimene anachita osauzidwa: anazula kavalavu kakang'ono pa tapeti kava, kamene amati PCV, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu langa. Zii. Anati kabwino kamalira ngati kabokosi ka machesi kotsala ndodo imodzi. Ntchito yake n'kutulutsa mpweya umene umadzadza mkati mwa injini, ndipo kakatsekeka mpweyawo umafuna potulukira, umakankha oyilo pa silu iliyonse yofooka. Mukhoza kusintha mphira lero, mwezi wamawa pena paphulika. Anakanyika mu petulo, anakapopera, mpaka kanayamba kulira. Kenako anabwezera distribyuta pa chizindikiro chija, analumikiza kawaya pa TE1 ndi E1 m'kabokosi ka diagnosis monga zimafunikira pa ma Toyota akalewa, anaunika ndi timing light yomangidwa ndi tepi, n'kumanga mabawuti.

Tsopano zoipa zake, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono.

Nthawi kwa Madala si kanthu. Ndinafika 8 koloko m'mawa, ndinachoka 4 koloko madzulo, pa ntchito ya kamphira kamodzi. Mbali ina ya nthawiyo inali yofunika, kutsuka ndi kuumitsa sikuthamangitsidwa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mbali ina inali yoti anasiya galimoto yanga n'kupita kukamvetsera injini ya minibasi ya mnzawo, kenako kukadya, kenako kukambirana za mpira ndi wowotcherera wa pafupi. Sakuuza kuti ndibwera nthawi yakuti. Umangoona munthu palibe. Foni sayankha, ndipo ukawadandaulira amati manja anali ndi oyilo, zimene n'zoona tsiku lonse.

Malo ake si a munthu wamkazi. Chimbudzi ndinachita kukapempha pa nyumba ina yapafupi, ndipo mayi wa pamenepo anandithandiza mwa chifundo chake chabe. Fumbi ndi losaneneka, ndipo sindikufuna kuganiza momwe kanjira kaja kamakhalira mvula ikagwa mu Januwale. Madzi otsukira injini aja, palafini ndi oyilo zonse, anangoyenderera pansi n'kulowa m'ngalande. Zimenezo zinandiwawa, chifukwa ngalande za kumeneko tonse tikudziwa kumene zimathera. Oyilo wakale amasunga m'migolo n'kumagulitsa kwa opaka matabwa, koma za madziwo alibe nazo ntchito. Lisiti kulibe. Nditapempha, mnyamata anang'amba pepala m'kope n'kulemba ndi pensulo. Amene galimoto yanu ndi ya kuntchito ndipo mukufuna pepala la chidindo, kuno si kwanu. Ndiponso Madala amanena okha kuti magalimoto atsopano odzadza makompyuta, ma hybrid ndi ena otero, sawagwira. "Amenewo apite kwa ana," amatero.

Mtengo: K15,000 ya kutsuka ndi kufufuza, imene anandiuza tisanayambe kuti ndilipira ngakhale nditasankha kukakonzetsa kwina, K25,000 ya ntchito, K6,000 ya kamphira, ndi lita imodzi ya oyilo yowonjezera. Ndinalipira pa Airtel Money. Poyamba K15,000 yongoyang'ana inandikhumudwitsa, chifukwa tinazolowera kuti makaniko amayang'ana ulere. Koma ulere uja ndinauona kale mtengo wake papepala la chidindo. Mnyamata ndinamupatsa ya sopo payekha, anaigwira ntchito.

Ndisanachoke anandiphunzitsa kuyeza ndekha, poti anaona kuti ndimangosolola kachitsulo n'kuyang'ana mwachisawawa. Oyilo wa injini: galimoto pamalo osapendekeka, injini itazima kwa mphindi zingapo, solola, pukuta, bwezera mpaka kumapeto, sololanso. ATF wa giyabokosi ndi mosiyana: injini ikhale ikulira, yotentha, giya pa P. Zaka zonsezi ndinkayeza ATF injini itazima, n'kumasangalala kuti ndi wodzaza kupitirira. Brake fluid akatsika pang'onopang'ono pa miyezi yambiri kawirikawiri ndi ma pad a mabuleki amene akutha, koma akatsika msanga, kapena buleki ikayamba kumira, galimoto isayende, ndiwaimbire. Ndinawakumbutsa kuti foni sayankha. Anati ndiimbire mnyamatayo.

Kodi ndingatumizeko munthu? Amene muli ndi Corolla, Carina, Sprinter, Sunny kapena Familia yakale imene ikusiya chizindikiro paliponse pamene yagona, ndipo wina wakuuzani mawu oti "titsitse giyabokosi" kapena "titsegule injini" asanatsuke n'komwe, pitani. Nyamulani madzi akumwa, chipewa ndi ntchito ina yoti muzichita. Ine ndinachongerako makope 62 pampando wa minibasi uja. Ndipo katoni yambani mwagoneka kunyumba, mupite nayo, mudzapulumutsa ulendo umodzi umene ine ndinawotchera petulo.

Papita masabata asanu tsopano. Oyilo akadali pa chizindikiro cha pamwamba pomwe Madala anamusiya. Katoni ndimaigonekabe pansi Lamlungu lililonse usiku, ndipo m'mawa ndimapeza dontho limodzi lofiira cha kumanja, la paipi ya power steering ija, nthawi zina awiri. Paipiyo akuti tisintha malipiro akatuluka, shock idikire Disembala. Banga la pasimenti ndinalikwecha ndi phulusa, sopo wa ufa ndi bulashi ya waya Loweruka lonse, linazilala koma silinachoke. Alandilodi anadutsa dzulo, anaima pomwepo, anaweramira pansi pa galimoto, anadzuka n'kundifunsa kuti makaniko wake ndi wa kuti, chifukwa pikapu yawo nayonso yayamba.